Nyimbo Pamene Mtima Walema

 Phunziro lathu la mwezi uno ndi la nkhawa ndi nyimbo. Tikupempha atsogoleri a magulu kuti musanayambe kukambirana muwerengetse 1 Samueli 16:14-23, Miyambo 25:20, Marko 14:26-36 ndi Machitidwe 16:22-34. Wowerenga asathamange. M'magulu mwathu muli amayi amene maso anayamba kuchita chidima, muli ena amene sukulu sanapite nayo patali, ndipo onsewo Mawu ndi awo.

M'tchalitchi mulibe gulu loyimba kuposa ife amayi. Timayimba pa Misa, timayimba pa ukwati, pa maliro timachezera usiku wonse pa siwa abambo ali panja akuwotha moto. Timayimba posinja, pochapa kunyanja, ngakhale potsuka mapoto. Ndiye wina akhoza kufunsa kuti, kodi amayi a Mothers' Union n'kuwaphunzitsanso kuyimba? Ayi, za kayimbidwe tiwasiyire aphunzitsi a kwaya. Funso lathu ndi lina. Kodi nyimbo zathuzi zimachita chiyani kwa mayi amene mtima wake walema? Kodi zimamuthandiza nthawi zonse? Ife kuno tinaphunzira mochititsa manyazi kuti si nthawi zonse.

Nkhawa zathu tizitchule mayina

Tiyambe ndi kutchula zimene zikutisowetsa tulo, chifukwa nkhawa yosatchulidwa ndi yovuta kuyipempherera. Mayi amene mwamuna wake kapena mwana wake wapita kukapha usipa, mwera n'kuyamba pakati pa usiku, sagona. Amatuluka panja ndi chitenje paphewa, n'kumayang'ana nyale za asodzi pamadzi ngati kuti angazindikire kuti ya mwana wake ndi iti. Mayi amene mwana wake anapita ku Joni, foni n'kusiya kulira, naye sagona. Kuno ku Mangochi ndi nyumba zochepa zimene zilibe m'bale ku South Africa, ndipo tikukumbuka momwe tinkakhalira pafupi ndi wayilesi mu 2008, mu 2015 ndi mu 2019, pamene alendo ankathamangitsidwa m'dziko limenelo. Chambo chimene chinaphunzitsa ana a makolo athu chinachepa m'nyanja. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo sopo, shuga, feteleza ndi fizi zonse zinakwerera limodzi. Tsiku lobweza ngongole ku banki m'khonde limafika mofulumira kuposa tsiku lina lililonse. Agogo akulera adzukulu pa msinkhu umene iwo eni akufunika wowasamala.

Zoterezi zikakhalitsa mumtima zimatulukira m'thupi. Mutu suleka kuwawa, mtima umagunda ngati wathamanga, nsima siyilowa, mwana akalakwa pang'ono timamukalipira ngati waba mbuzi. Kumudzi timangoti, mayi uja akuganiza kwambiri. Timanena zoona, koma kawirikawiri timathera pomwepo.

Zimene zinatichitikira

Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo boma lathu la Mangochi linali limodzi mwa maboma amene anavutika kwambiri. Kumayambiriro kwa 2023 mayi mnzathu wina wa m'gulu lathu anataya mwamuna wake ndi matendawa. Anadwala usiku, pofika madzulo a tsiku lotsatira anali atayikidwa kale m'manda, monga momwe malamulo a zaumoyo ankafunira pa nthawiyo. Kunalibe siwa. Sitinachezere, sitinayimbe, sitinaphike. Malamulowo anali oteteza moyo wathu ndipo sitikuwadandaula, koma mnzathuyo anatsala ndi maliro osalira.

Patapita masabata angapo tinagwirizana zokamuona. Tinavala yunifolomu yathu, tinatenga ufa, nkhuni ndi kambuzi pang'ono. Tili m'njira tinapangana kuti tikamusangalatse, asamangokhala ndwii. Titangofika pabwalo tinayambitsa kolasi yothamanga, ija yowombera m'manja ndi kuvina. Tinayimba imodzi, yachiwiri, yachitatu. Mnzathuyo anakhala pamphasa atazolika, akuwomba m'manja pang'onopang'ono pofuna kutilemekeza. Nkhope yake inali ngati ya munthu amene akudikira kuti alendo apite.

Amene anatipulumutsa ndi agogo ena achikulire, amene masiku ano sayendayenda koma tsiku limenelo anakakamira kutiperekeza. Anakweza dzanja nati, “Ana inu, taimani. Kodi mwabwera kudzavina kapena kudzakhala naye?” Tinakhala pansi, manyazi atatigwira. Kenaka agogowo anayamba okha, ndi mawu awo onjenjemera, nyimbo yakale ya nyengo ya Lenti, ija timayimba mwapang'onopang'ono poganizira za mtanda. Sanafike pakati pa ndime yachiwiri mnzathu uja anayamba kulira, kulira kwenikweni kumene sanalire pa tsiku la maliro. Palibe amene anamuletsa. Atatonthola anayamba kuyankhula. Anatiuza kuti chimwalirire mwamuna wake sanagonepo usiku wathunthu, kuti bamboyo anasiya ngongole ya ukonde, ndi kuti amaona ngati anthu akumupewa chifukwa cha matenda aja. Zonsezi tikanabwerera osazimva tikanapitiriza kuvina.

Zeze wa Davide

Tisafulumire kunena kuti ndiye nyimbo n'zosathandiza. Malemba akutionetsa kuti n'zothandiza ndithu. Mfumu Saulo atasautsika mumtima, anyamata ake sanamufunire msilikali kapena mlangizi. Anamufunira woyimba zeze, ndipo Davide akayimba, mfumuyo inkapeza mpumulo. Aliyense wa ife akudziwa mpumulo umenewu. Munthu wankhawa amapuma mothamanga, mpweya umathera pachifuwa. Koma sungayimbe mzere wautali wa nyimbo osakoka mpweya wambiri ndi kuutulutsa pang'onopang'ono, ndipo ukatero kangapo mtima nawo umayamba kutsika. Mulungu amene anaumba mapapo athu ndi yemweyo anatipatsa nyimbo.

Pali chinanso chachikulu kuposa mpweya. Nthawi zina nkhawa imatilanda mawu opempherera. Umagwada, n'kupeza kuti m'mutu muli ngongole yokhayokha. Pa nthawi yotere nyimbo imene tinaloweza tili ana imatibwereka mawu. Amishoni a UMCA amene anafika kuno panyanja, ndipo sitima yawo ya Chauncy Maples inayamba kuyenda mu 1901, anasiya nyimbo zomasuliridwa m'Chinyanja cha ku Likoma. Agogo athu ena amaziyimbabe m'mawu akale omwewo, ngakhale ana a masiku ano amaseka matchulidwe ake. Musawaseke. Taona amayi okalamba amene anayiwala mayina a adzukulu awo, koma ukayambitsa nyimbo imeneyo amayimaliza ndime zonse. Chimene chinalowa mumtima ndi nyimbo sichituluka msanga. N'chifukwa chake tiyenera kusamala zimene tikuphunzitsa ana a Sande Sukulu, pakuti zimenezo ndi zimene adzayimbe pa tsiku la tsoka ife kulibe.

Koma nkhani ya Saulo tisayilekere pa mutu 16. Tsegulani mutu 18, ndime 10 ndi 11. Davide akuyimba zeze yemweyo, m'nyumba yomweyo, ndipo Saulo akumuponyera mkondo. Pa mutu 19 akubwerezanso. Zeze ankatonthoza mfumu, koma sanachotse nsanje ndi mantha zimene zinali kuyidya. Saulo ankafuna mpumulo wa nyimbo popanda kuulula chimene chinali mumtima mwake, kwa Mulungu kapena kwa munthu.

Kodi si mmene timachitira ifenso nthawi zina? Timabwera ku msonkhano wa amayi mtima uli wolemera, timayimba, timavina mpaka thukuta, timamva kupepuka. Pobwerera, tisanafike n'komwe pamsewu wa ku Makanjira, katundu uja watikweranso pamutu, chifukwa sitinauze aliyense. Mawa lake mkondo timaponyera mwana, kapena mpongozi, kapena mayi mnzathu wa m'kwaya.

Nyimbo yolakwika pa nthawi yolakwika

Miyambo 25:20 ndi ndime imene sitiimva kawirikawiri pa ulaliki, mwina chifukwa imatikhudza ife oyimba. Ikufanizira munthu woyimbira nyimbo mnzake wosweka mtima ndi munthu amene akulanda mnzake chofunda m'nyengo yozizira. Taganizirani usiku wa mu Juni, mwera ukuwomba, wina n'kudzakuchotsa bulangeti akumwetulira. Izi ndi zimene tinamuchita mnzathu uja ndi makolasi athu, ngakhale tinali ndi cholinga chabwino. Tinkamuuza, osati ndi mawu koma ndi ng'oma ya m'manja mwathu, kuti chisoni chako chatha nthawi, bwerera msanga ukhale ngati ife.

Makolasi othamanga sitikuwakana. Timawakonda, ndipo pa Pasaka kapena pa ukwati palibe amene amatiposa kuvina. Chimene tikukana ndi chiphunzitso chimene chalowa pang'onopang'ono pakati pathu, chakuti Mkhristu weniweni ndi wosangalala nthawi zonse, ndipo wolira ndiye kuti chikhulupiriro chake n'chochepa. Chiphunzitso chimenechi si cha m'Baibulo. Buku la nyimbo la Yesu mwini linali Masalimo, ndipo Masalimo ambiri ndi odandaula. Salimo 13 likufunsa Mulungu kuti adzamuyiwala mpaka liti. Salimo 42 ndi la munthu amene misozi yasanduka chakudya chake. Mu Salimo 137 anthu a Mulungu ali ku ukapolo m'mbali mwa mitsinje, apachika azeze awo m'mitengo, akukana kuyimbira owagwira nyimbo zachisangalalo. Salimo 88 ndiye likuyamba mu mdima n'kuthera mu mdima, popanda ndime yotonthoza kumapeto, ndipo Mzimu Woyera sanalichotse m'Baibulo.

Makolo athu a Anglican anakonza kuti Masalimo onse 150 aziwerengedwa m'mapemphero a m'mawa ndi a madzulo mwezi uliwonse, osadumpha owawa. Anakonzanso chaka cha Mpingo kuti chikhale ndi Lenti ndi Sabata Loyera, osati Pasaka yekha. Anadziwa kuti tsiku lililonse m'tchalitchi muli wina amene ali pa Lachisanu Loyera la moyo wake. Ngati kwaya yathu ili ndi nyimbo makumi atatu zachigonjetso koma ilibe ngakhale imodzi yodandaula, mayi woteroyo alibe pokhala m'mapemphero athu.

Anayimba, kenaka anayankhula

Tiyang'ane Ambuye wathu pa usiku umene anaperekedwa. Marko akutiuza kuti atatha mgonero, Yesu ndi ophunzira ake anayimba nyimbo, n'kupita ku Phiri la Azitona. Ankadziwa chimene chinali kumudikira, komabe anayimba. Ndiye onani chimene chikutsatira. Atafika ku Getsemani sananamizire kuti nyimbo ija yathetsa zonse. Anatenga Petro, Yakobo ndi Yohane, anzake atatu apamtima, n'kuwauza poyera kuti mtima wake wadzaza ndi chisoni chofa nacho, ndipo anawapempha kuti akhale maso pamodzi naye. Kenaka anagwa pansi n'kuuza Atate chimene ankafuna, mosabisa, asanadzipereke ku chifuniro chawo.

Ngati Mwana wa Mulungu anavutika mumtima, palibe amene angauze mayi wankhawa kuti alibe chikhulupiriro. Ndipo ngati Iye anafuna anzake atatu oti awauze, ife ndife yani kuti tizisenza tokha? Onaninso kuti sanauze khamu lonse, kapena ophunzira onse. Anasankha atatu. Izi zikutiphunzitsa kanthu pa nkhani ya chinsinsi. Amayi ambiri sayankhula m'magulu mwathu chifukwa amadziwa kuti zimene anene Lachinayi, Loweruka zidzakhala zili pamsika ndi pamjigo. Tchimo limeneli ndi lathu, ndipo tisalipake mafuta polinena kuti tinkangofuna kuti anzathu amupempherere. Mayi akakuuzani za m'nyumba mwake, mwasungitsidwa chuma.

Anzake a Yesu aja anagona. Ifenso timagona, ndiye tisadzitame.

Ku Filipi, Paulo ndi Sila anakwapulidwa, anatsekeredwa m'chipinda cham'kati cha ndende, mapazi ali m'matangadza. Pakati pa usiku ankapemphera ndi kuyimbira Mulungu, akaidi anzawo akumvetsera. Nkhaniyi timayikonda chifukwa cha chivomezi ndi zitseko zotseguka. Koma pali ndime ya 33 ndi 34 imene timayidumpha. Woyang'anira ndende uja anawatenga usiku womwewo n'kutsuka mabala awo, ndipo pambuyo pake anawapatsa chakudya. Nyimbo inagwedeza ndende, koma misana yawo inali ikadali ndi zilonda, ndipo panafunika munthu wobwera ndi madzi ndi nsalu. Ntchito ya Mothers' Union ili pa ndime ziwirizi. Tikatha kuyimba, ndani atunge madzi?

Mnzathu uja tinamuperekeza ku chipatala chathu cha St Martin's sabata yomweyo. Anamupeza kuti magazi ake akuthamanga kwambiri, ndipo anayamba kumwa mankhwala a BP. Pano tinene mosapsatira: kupita kuchipatala si kukayikira Mulungu. Mpingo wathu womwewu ndiwo unamanga tchalitchi, sukulu ndi chipatala pamalo amodzi kuno ku Malindi. Matenda a maganizo nawo ndi matenda ngati ena onse. Si ufiti, si chilango, ndipo ali ndi chithandizo. Chipatala cha boma ku Mangochi ndi poyambira, ndipo m'dziko muno muli zipatala zoona za matendawa, monga cha ku Zomba ndi za St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mayi akakhala masabata osagona, osadya, osasamba, osafuna kuona anthu, musamangomuyimbira. Ndipo akayamba kunena kuti bola kufa, kapena kugawa zinthu zake ngati akutsanzika, musamusiye yekha ngakhale ola limodzi. Uzani wansembe ndi achibale ake, mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Musaope kumufunsa molunjika zimene akuganiza. Kufunsa sikuyika maganizowo mwa munthu, koma kumamutsegulira khomo.

Tikhudzeko pang'ono za anansi athu. Kuno ku Malindi ambiri mwa otizungulira ndi Asilamu, ndipo ena ndi achemwali athu ndi azakhali athu enieni. Mwera susankha bwato, kolera sanafunse chipembedzo. Tikapita kukapepesa mnzathu wachisilamu sitipita ndi nyimbo zathu kukamukakamiza. Timapita ndi nkhuni, ufa ndi makutu. Nyimbo timayimba mumtima tili m'njira, ndipo Ambuye amaimva.

Mwina wina akuti, ine sindingathe kuthandiza mnzanga, inenso ndine wamantha. Kumbukirani mayi amene anayambitsa bungwe lathuli. Mu 1876 Mary Sumner anayitana amayi a m'parishi ya Old Alresford ku England kuti akumane kunyumba kwake. Amayiwo atasonkhana, iye anagwidwa ndi mantha kotero kuti analephera kuyankhula, ndipo mwamuna wake, amene anali wansembe, ndi amene anayankhula m'malo mwake n'kuwapempha kuti abwerenso sabata yotsatira. Sabata yotsatirayo Mary anayankhula. Yunifolomu imene timavala monyadirayi inayambira kwa mayi amene mawondo ake ananjenjemera.

Zoti tichite mwezi uno

Pokambirana m'magulu, yambani ndi funso ili, ndipo mayi aliyense ayankhe yekha: inu mukakhala pa mavuto, ndi nyimbo iti imene mungafune kuti anzanu akuyimbireni, ndipo ndi iti imene simungafune kuimva? Mlembi alembe mayankho m'kope la gulu. Ife titachita zimenezi tinadabwa. Amayi amene timawadziwa ngati akatswiri ovina anatchula nyimbo zofatsa za Lenti, ndipo mmodzi anati iye angakonde kuti tingokhala naye chete.

Kenaka funsanani ngati kwaya yanu ikudziwa nyimbo zodandaula, ndipo ngati siyikudziwa, ndi agogo ati m'parishi mwanu amene angakuphunzitseni zakale zija iwo akadali moyo. Musachedwe nazo. Pomaliza, ganizirani mwakachetechete, osatchula dzina pagulu, mayi mmodzi amene wasiya kubwera ku misonkhano kapena amene masiku ano amakhala kumbuyo osatsegula pakamwa. Mupite awiri, osati khumi. Mukafika mufunse kaye za moyo, mukhale pansi, mumvetsere. Ngati pakhale nyimbo, asankhe ndi iyeyo.

Mnzathu uja anabwerera ku kwaya patapita miyezi isanu. Ngongole ya ukonde sinathe msanga. Tinasonkherana kangachepe, yotsalayo anabweza yekha pogulitsa mandasi ndi usipa wouma. Mankhwala akumwabe, ndipo pali masiku ena amene amabwera n'kungokhala osayimba. Masiku amenewo timamusiyira malo pafupi ndi agogo aja.